Wigi ya Thonje ndi Moto wa Alamu Anga

Sukulu ine ndinaisiyira panjira, koma kuwerenga kunandikakamira ngati chisoso pa thalauza. Ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina pa Ulongwe, ndipo chilichonse chokhala ndi zilembo chikandidutsa pafupi sindichisiya: nyuzipepala yokulungira usipa, kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa, ngakhale thumba la feteleza. Akazi anga amati tsiku limene nyumba yathu idzapse, ine ndidzayamba ndawerenga zolembedwa pachidebe ndisanatunge madzi.

Chuma changa chachikulu chinali buku lina limene ndinagula ku Balaka, kwa bambo wina woyala mabuku akale pasaka pafupi ndi siteshoni ya sitima. Linalibe chikuto, masamba oyambirira anadya ndi chiswe, koma linali lonenepa, ndipo mkati mwake munali oweruza, odandaula ndi mawu a Chingerezi aatali ngati njanji. Ndinadziwiratu kuti ndi buku la malamulo. Ndinalimbana nalo zaka zambiri, dikishonale ili pambali, mpaka a kabaza anayamba kunditchula kuti loya wa pakhonde. Ndinkawaletsa, koma ndi mawu otsika kwambiri, kuopa kuti angamve n'kusiyadi.

Ndiye mwana wa achemwali anga, mtsikana woyamba kubadwa, anasankhidwa kukaphunzira zamalamulo ku yunivesite ku Zomba. Kwathu kuno ana a achemwali ako ndi ako, choncho ndinayenda pa Ulongwe chifuwa chili patsogolo, n'kumauza aliyense kuti mwanayo watengera ineyo, mjomba wake. Bambo ake, alamu angawo, anasangalala mwa njira yawo, ndiye kuti anagwedeza mutu n'kunena kuti alihamudulila. Iwowa ndi mlimi wa nandolo ndi chimanga, mkamwini pamudzi pathu, munthu wosaphonya swala ya kumzikiti komanso wosadziwa kunama. Akamagulitsa nandolo amayamba ndi kumuonetsa wogula mbali ya thumba imene kwalowa anankafumbwe. Achemwali anasiya kalekale kuwatuma okha kumsika.

Kwa alamu, zamalamulo anali maphunziro olekanitsa choona ndi bodza, basi. Nandolo wawo ndiye ankamusunga mtsikanayo ku Zomba, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Chaka choyamba chitatha, mwana anabwera kuholide ataonda pang'ono, maso atazolowera kutsinzinira. Ndinamufunsa kuti amamanga anthu angati pa sabata. Anati palibe. Ntchito yawo ndi kukhala mulaibulale kuwerenga milandu ya anthu amene anamwalira kalekale, kufufuza chifukwa chimene woweruza wina anagamulira chonchi pomwe mnzake anagamula mwina, kenako mphunzitsi n'kukuimiritsa pamaso pa anzako kuti unene amene analondola. Ukanena, amakufunsa chifukwa. Ukapereka chifukwa, amakufunsa chifukwa cha chifukwacho. Ndinamuuza kuti zimenezo ine ndimakumana nazo tsiku lililonse kunyumba, osalandira digiri.

Kenako ndinamutulutsira buku langa, monga momwe munthu amatulutsira mbale zadothi kukabwera mlendo. Anatembenuza masamba, n'kuluma mlomo wam'munsi.

"Amjomba, bukuli mwaliwerenga lonse?"

"Kuyambira pamene chiswe chinasiyira."

"Ndi la malamulo a katundu wonyamulidwa pa sitima zam'madzi. Za ku Mangalande. Dziko lino lisanalandire n'komwe ufulu."

"Nanga mu Shiremu simuyenda mabwato?" ndinatero.

Anaseka mpaka anakhala pansi pamulu wa nsalu. Ine ndinalibweza bukulo m'kabati mwaulemu. Lamulo ndi lamulo, kaya lili pamtunda kaya pamadzi.

Mwanayo anabwera ndi ntchito ya kusukulu. Akabwerera kukakhala khoti loyeserera, pamene ophunzira amatsutsana pamlandu wongopeka aphunzitsi akumvetsera. Mlandu wake unali wa bambo wina amene anapezeka kuchigayo ndi njinga ya eni ake, iye n'kumati anaigula kwa munthu wodutsa. Chovuta chinali chakuti aphunzitsi sanawauze mbali imene aliyense akaime. Ankayenera kukonzekera zonse ziwiri, kumumanga ndi kumumasula.

"Ndikufuna woweruza woti ndiziyeserera pamaso pake," anatero. "Wongokhala chete n'kumamvetsera."

Zokhala chetezo sindinazimve bwino, makina ankasokosa. Ndinatenga chisoti chakale, ndinapempha thonje lotsala kwa mnzanga wina wolima thonje ku Balaka, n'kusoka wigi yonga imene ndinkaiona pamitu ya oweruza m'nyuzipepala, ya mizere yopotana mpaka m'makutu. Mkanjo ndinasoka wa nsalu yakuda yotsala pa masiketi a kwaya. Akazi anga atandiona anati ndikuoneka ngati nkhosa imene yachira kumene.

Khoti linakhala Lachisanu m'mawa, pakhonde pomwepo, ine kuseri kwa makina. Tisanayambe n'komwe, a kabaza anali ataimika njinga zawo ndipo amayi ogulitsa tomato anali atasendeza mabeseni pafupi.

M'mawa umenewo mtsikanayo anaima mbali ya boma. Sindinkadziwa kuti mwana amene ndinkamusokera yunifolomu ya kupulayimale ali ndi pakamwa potero. Anafunsa kuti ndi munthu wanji amagula njinga kwa wodutsa osamufunsa ngakhale mudzi wake. Anafunsa chifukwa chimene anaipakira penti ina tsiku lomwelo, ndi chifukwa chimene ankapitira kuchigayo chakutali kusiya chapafupi. Amayi a tomato anayamba kung'ung'udza kuti ameneyo akangomangidwa. Wa kabaza wina anati akumudziwa, ndi wa ku Nayuchi, wamfupi, ali ndi chipsera apa. Tinayesa kufotokoza kuti munthuyo kulibe, koma kwathu kuno mlandu wopanda mwini sitinauonepo. Anangoti tikumubisa.

Nthawi imeneyo alamu anadutsa atavala mkanjo wawo woyera, ulendo wa kumzikiti. Anaima kumbuyo kwa anthu, anamvetsera mwana wawo akumuvula wakuba uja mpaka kumusiya ndi kabudula yekha, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: mano awo onse. Kumzikiti anakauza anzawo. Swala itatha anabwera nawo, akuluakulu a ndevu zawo, kuti adzamve okha momwe mwana wawo amadzudzulira kuba.

Anapeza khoti litabwerako ku nkhomaliro, mtsikana ataima mbali inayo.

"Wolemekezeka," ankatero akuyang'ana wigi yanga, "kupaka penti njinga si mlandu. Ndani pano sanagulepo njinga yakale n'kuipaka penti kuti ioneke ngati chinthu? Boma silinabweretse munthu amene anamuona akuitenga. Likufuna mumange bambo uyu chifukwa choti sanafunse mafunso okwanira. Tikatero, pamsika uno patsala ndani?"

Amayi a tomato omwe aja tsopano ankati iyayi, munthu wa Mulungu akungovutika. Ine ndinali nditatengeka kwambiri moti ndinagogoda tebulo ndi sizasi n'kumumasula pomwepo, wigi itapendekera khutu limodzi. Nditakweza maso ndinaona alamu. Mano aja anali atabwerera m'malo mwake.

"Mwanangu," anatero, "m'mawa uja munthuyu anali wakuba?"

"Ndinkayankhulira boma, ababa."

"Pano si wakuba?"

"Pano ndikuyankhulira iyeyo."

"Pakati apa wakupatsa chiyani?"

"Munthuyo kulibe, ababa. Ndi zoyeserera."

"Ndiye ukuyeserera kunama, kuti tsiku lodzapeza munthu weniweni udzakhale utazolowera."

Mmodzi wa akuluakulu aja anatsokomola n'kukumbukira kuti ali ndi mbuzi zoti akamasule. Anzake onse anamuperekeza.

Madzulo ake alamu ananena mawu awo, ndipo iwo sanena kawiri. Ku Zomba mwanayo sabwereranso. Ngati akufuna sukulu akaphunzire uphunzitsi kapena unamwino, ntchito zimene munthu amadzuka ndi lilime limodzi n'kukagona nalo lomwelo. Nandolo wawo sangalere malilime awiri.

M'mawa mwake achemwali anandipeza ndisanaike n'komwe ulusi pamakina. "Achimwene, mwayambitsa ndinu ndi chinkhosa chanu chakumutucho. Mukanayeserera m'nyumba ngati anthu, bwenzi zili chonchi? Konzani."

Mwamwambo, mawu omaliza pa mwanayo anali anga, mwini mbumba. Ndinamuuza mtsikanayo kuti ndikhoza kungolamula, ndipo ndinaimirira kuti aone kuti ndikhozadi. Iye anapukusa mutu. Anati sangakwere minibasi bambo ake asanamupangire duwa, pemphero lija lomudalitsa, kuli bwino akhale pakhomo. Mabuku ake anawalongedza m'katoni n'kukankhira pansi pa bedi. Anayamba kudzuka m'mamawa kupita kumjigo ndi amayi ake, ndipo pakhonde panga ankangodutsa ndi moni. Tsiku lotsegulira sukulu linali likuyandikira.

Ndinayesa. Ndinapita kwa alamu ndi fanizo la telala, kuti malaya umawaona kunja ndi mkati usanawapereke kwa mwini wake. Anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ndi aulemu, kenako anandifunsa ngati ndamaliza thalauza lawo limene ndinalonjeza kuti adzavala pa Idi yapita ija.

Inali nyengo yososa. Tsiku lina masana alamu anaunjika mapesi kumapeto kwa munda n'kuyatsa, monga amachitira chaka chilichonse. Kunabwera kamvuluvulu, n'kunyamula motowo kuudumphitsa malire. Munda woyandikana nawo ndi wa bambo wina wageni, amene amakwera sitima kukapikula katundu ku Nayuchi, munthu wokweza mawu ngakhale popereka moni. M'mundamo munali nandolo wouma ndi mitolo ya udzu wofolera. Alamu anathamanga akuitana anthu, anazimitsa ndi nthambi, kenako ndi malaya awo, kenako ndi manja. Pamene anthu ankafika ndi zidebe, udzu wonse unali phulusa ndipo munda unali bii.

Wageniyo anati nandolo wa munda wonse wapita, ndipo nkhaniyi ikathera kupolisi ku Liwonde. A shehe anamupempha kuti tiyambe takhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mzikiti.

Tsono munda umene alamu amalima ndi wa achemwali, dothi la amayi athu. Mkamwini sadziyankhulira yekha pankhani yodutsa malire, amamuyankhulira ndi mwini mbumba. Choncho alamu anabwera pakhonde, manja atakulungidwa nsalu, n'kukhala pabenchi ya makasitomala.

"Alamu, mawa mukandiyankhulire."

Ndinapitiriza kupalasa makina pang'ono, kuti ndimve kukoma.

"Motowo anayatsa ndani?"

"Ndine."

"Ndiye ndinu wolakwa."

"Ndine wolakwa."

"Ine ndikayankhulire wolakwa? Lilime langa n'limodzi, alamu, ndimagona nalo lomwelo."

Anayang'ana manja awo. Chipongwe changa chinathera pomwepo. Munthu ameneyu imvi zamupeza asanapondepo pachipata cha polisi, ndipo mantha awo anali enieni. Ndinawauza kuti asadandaule, nkhani yawoyo ili m'buku.

Inalimodi. Pa sitima zija, namondwe akamiza katundu mwini sitima salipira, chifukwa lamulo limati imeneyo ndi ntchito ya Mulungu. Ndinawerenga ndimeyo mobwerezabwereza, n'kumadzifunsa kuti anthu amavutikiranji kupita ku Zomba zinthu zili poyera chonchi. Mtsikanayo sindinamuuze. Ndinkafuna adzaone yekha kumene anatengera nzeru.

Pansi pa mango panadzaza. Amuna pamabenchi, amayi pamphasa chapatali, mtsikanayo pambali pa amayi ake. Wageni anayankhula nthawi yaitali, nandolo wake akunka nachuluka pa chiganizo chilichonse. Kenako a shehe anandipatsa mpata. Wigi anali atandilanda akazi anga pakhomo, koma mawu a woweruza ndinabwera nawo.

Ndinati alamu anga anayatsa moto m'munda mwawo, zimene aliyense pano amachita. Ndinati moto ulibe miyendo. Amene anaunyamula ndi kamvuluvulu, ndipo kamvuluvulu alibe mwini pakati pathu pano. Ndinapumira kaye, monga amachitira odziwa, n'kumaliza kuti malinga ndi malamulo, kupsa kwa mundawo ndi ntchito ya Mulungu, choncho wodandaula akadandaule kwa Iyeyo.

Panagwa bata loti n'kumva mango akukula. A shehe anavula magalasi.

"Atelala," anatero mofatsa, "machesiwo anayatsanso ndi Mulungu?"

"Iyayi, a shehe, koma m'buku..."

"Mwabwera kuseri kwa nyumba Yake kudzamusenzetsa mlandu wa alamu anu?"

Alamu anali ataweramitsa mutu, milomo ikupempha chikhululuko m'malo mwanga. Wageni anaimirira, anasasa fumbi pathalauza n'kunena kuti wamva zokwanira. Amutenthera munda, tsopano akumupanga chitsiru, basi akupita ku Liwonde. Anali atagwira kale njinga yake pamene mawu anachokera kumphasa.

Mtsikanayo anali atagwada, mpango uli kumutu. "A shehe, akuluakulu nonse, ndikudziwa kuti pano si poyankhula ine. Ndikupempha amjomba andibwereke pakamwa pawo pang'ono."

Ndinamubwereka msanga. Ine sindinkapagwiritsanso ntchito.

"Moto anayatsa ndi bambo anga," anayamba choncho. "Anayatsa dzuwa lili pamutu, nthawi ya akamvuluvulu, osalambula m'malire. Analakwa. Ukanakhala munda wathu, ine ndikanakwiya kuposa pamenepa."

Wageni anaiimikanso njinga ija. Munthu ukabwera ndi chibakera n'kupeza chitseko chili chotsegula kale, umasowa pochiika.

Mwanayo anapitiriza kunena zonse zimene wageniyo akananena akanapanda kutanganidwa ndi kukuwa. Anati udzu chaka chino wavuta kuupeza, mvula ikubwera denga la wageniyo lili lobooka, ndipo nandolo ndiye ndiwo za ana ake. Wageni ankangoti eetu, eetu, ngati wapeza loya wake. Ine ndinayamba kuda nkhawa kuti mwanayu waiwala mbali imene waima.

Ndiye anakhota, pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza. Anapempha bambo ake akweze manja kuti anthu awaone. Anafunsa amene anayambirira kufika ngati anapeza alamu akuthawa kapena akuzimitsa, ndipo anayankha okha kuti ankazimitsa. Kenako anapempha, mwaulemu wonse, kuti nandolo tisamuyeze ndi pakamwa, tipite kumunda tikamuone ndi maso.

Tinapita, mzere wautali, a shehe patsogolo. Nandolo akapsa ali ndi makoko ake amaoneka, pansi pamatsala njere zakuda. Chakumalire kunali choncho. Koma mbali yaikulu ya munda inali mitengo yokhayokha yothyoledwa kale, ndipo mayi wina anakumbukira mokweza kuti anathandiza nawo akazi a wageniyo kupuntha nandolo moto usanachitike. Anthu anayamba kuseka. Mtsikanayo sanaseke.

"Utsi unali wambiri tsiku lija," anatero. "Aliyense akanaona ngati munda wonse wapita."

Wageni anavomera mwachangu kuti utsi unalidi wambiri, moti mpaka pano maso akumuwawa. Anagwirizana kuti alamu abweza nandolo wa mbali yopsayo kuchokera pa wawo, ndipo manja akapola akamweta udzu n'kukafolera okha denga lija. Za ku Liwonde sizinatchulidwenso.

Pobwerera tinayenda atatu, ine kumbuyo, malo amene ndinali nditawagwirira ntchito. Titafika pamjigo, alamu anatembenukira mwana wawo.

"Unayamba ndi kundimanga," anatero.

"Eya, ababa."

"Pamaso pa anthu."

"Ndikanayamba ndi kukumasulani sakanandimvera. Dzulo lonse m'mutu mwangamu ndinali bambo wageni aja. Ndinkafuna ndidziwe pamene pakuwapweteka."

"Ndiye mbali ziwiri zija."

"Zomwezo. Wolakwanso amafunika womuyankhulira, ababa, kuti alipire chimene walakwa, osati chimene mnzake walota. Munamvapo bodza pa zimene ndanena?"

Anayenda kamtunda akuganiza. "Bodza ndalimva kwa mjomba wako."

Ndinati langalo silinali bodza, linali lamulo la pamadzi. Palibe amene anatembenuka.

Za ku Zomba alamu sananenepo kanthu tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Achemwali ankabwera pakhonde kudzandiyang'ana ndi diso lija la kuyambira ubwana. Ine ndinasoka thalauza la alamu mpaka kulimaliza, n'kulisita, mwina lingathandize. Kutatsala pang'ono kuti sukulu itsegulidwe, achemwali anabwera akuyenda mwa mtundu wina. Anati alowa m'chipinda n'kupeza amuna awo atagwada, akukoka katoni ija pansi pa bedi ndi zigongono, poti manja anali asanapole. Atawafunsa, anangoti mabuku akakhalitsa pansi amadyedwa ndi chiswe, ndipo tonse taona chimene chimachitika munthu akawerenga buku lodyedwa ndi chiswe.

Pasiteji ya minibasi alamu anatambasula manja okulungidwa aja n'kupanga duwa yaitali, moti kondakitala anasiya kuitanira anthu n'kuvula kapusi. Atamaliza, anamuyang'ana mwana wawo.

"Pita ukaphunzire mbali zonse ziwirizo, mwanangu. Umalize msanga. Mjomba wakoyu tsiku lina adzamangidwa, ndipo padzafunika munthu."

Wigi ija akazi anga anaisandutsa pobaya masingano, ili pamakina pano. A kabaza anasiya kunditchula loya popanda ine kuwaletsa, ndipo a shehe tikakumana kunja kukuwomba mphepo amandifunsa ngati ndapeza woti ndimusumire. Bukulo ndikadali nalo m'kabati. Mtsikanayo anandilonjeza kuti tsiku limene sitima ya ku Mangalande idzamire mu Shire, mlandu umenewo adzandisiyira ine.